Mbuzi Imene Inavala Yunifolomu ya Pempho

Pa maliro a Hilario Zuze, katekisiti wachinyamata amene analalikira anamutcha mneneri. Anthu anagwedeza mitu, ena anati ameni. Ine mawuwo sanandikhale bwino. Hilario ndinamudziwa ali mnyamata woyenda chapansi, ndipo ndikukhulupirira kuti akanawamva akanayang'ana kumbali. Sanali munthu woposa anzake. Munda ankaulowa mochedwa, ku kwaya ankaiwala mavesi, ndipo panali zaka zina zimene mowa unkamupitirira. Ndikulemba za iye chifukwa anthu ambiri kuno ku Ngabu amamukumbukira ndi dzina loti Chigubu, chitsiru cha m'sewero la pa wailesi ya kanema, koma ndi ochepa amene akukumbukira kuti anali ndi mwana wamkazi, Pempho, ndi kuti seweroli analichita pofuna kuti mwanayo asachoke pamudzi.

Hilario anabadwira ku Mozambiki. Nkhondo ya kumeneko itakula anawoloka Ruo pamodzi ndi mlongo wake wamkulu n'kukafikira ku Makhanga. Makolo awo sanawoloke nawo, ndipo Hilario sankakamba za iwo. Mlongoyo anakwatiwa komweko. Iye analembedwa ganyu ndi ogula mbuzi, kumazikusa wapansi mpaka ku msika wa ziweto wa ku Ngabu, ndipo patapita nthawi anangokhazikika pamsikapo. Ntchito yake moyo wake wonse inali imeneyo: kumanga mbuzi miyendo, kuzikweza pa lole kapena pamwamba pa minibasi, ndi kuthamangira kwa alangizi a ziweto kukatenga chiphaso. Mbuzi sikwera phiri kupita ku Blantyre popanda chiphaso. Pachiphasopo pamalembedwa mwini wake, mudzi umene yachokera ndi kumene ikupita, ndipo apolisi a pamsewu amachifunsa.

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ya mishoni, ndipo chaka chilichonse ndinkakonza sewero la Khirisimasi. Chaka china tinafuna mbusa wokhala ndi chiweto chenicheni, ndiye ndinapempha Hilario. Sindinamupatse mawu alionse. Koma mbuzi yake inayamba kudya chisoti cha pepala cha Herode, ndipo iye anaidzudzula m'Chisena mwaulemu wonse, ngati akulankhula ndi munthu wamkulu amene walakwitsa pagulu. Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, bambo mfumu anabisa nkhope m'buku. Hilario sanaseke. Anali ndi nkhope yaitali, yooneka ngati wangomva uthenga wa maliro, ndipo akamalankhula ankasakaniza Chimang'anja ndi Chisena mosadziwa. Kuyambira tsiku limenelo anthu ankayamba kuseka asanatsegule n'komwe pakamwa. Poyamba ankakondwera nazo. Mlendo wopanda abale akapeza chinthu chimene anthu akumukondera, sachitaya msanga.

Anakwatira Flossy, mtsikana wa m'mudzi wina kufupi ndi msika. A kwawo kwa Flossy amanyadira kuti kholo lawo linafika m'chigwa muno litasenza katundu wa azungu oyamba aja, koma pa ukwati amatsata za Amang'anja. Kwa Asena mwamuna amalowola ndipo ana amakhala ake. Hilario analibe ng'ombe, analibenso bambo womulankhulira, choncho analowa chikamwini. Anamanga nyumba pamudzi pa mkazi wake, n'kumalima munda wa eni ake. Ana obadwa m'nyumbamo anali a mbumba, ndipo mwini mbumba anali a Amosi, mchimwene wake wa Flossy, amene anapuma pa ukapitawo ku esiteti ya nzimbe. A Amosi sanali munthu wankhanza. Mlamu wawoyo ankamukonda, ndipo monga alamu achitira, ankanyogodolana tsiku ndi tsiku. Koma pakakhala nkhani ya pabanja, Hilario ankabweretsa mipando, n'kukakhala patali pansi pa mtengo wa nimu mpaka nkhani itatha.

Ana awiri oyamba anamwalira ali makanda. Pempho yekha ndi amene anakula. Ndinamuphunzitsa mu Sitandade 7. Sanali woyamba m'kalasi ndipo sanali womaliza. Ankalemba zooneka bwino, ankatafuna pensulo, ndipo akamaseka ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Masana aliwonse ankapititsa phala kwa bambo ake ku siteji ya minibasi, n'kukhala pa thayala lakale kudikira mbale. Mayeso a Sitandade 8 anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale.

Chinali chaka cha 2005, mvula itadula chimanga chisanamasule. Pofika mwezi wa Seputembala amayi anali atayamba kupita ku dambo kukazula nyika, mizu ya m'madzi imene anthu amadya pa njala, ndipo m'nyumba zambiri moto unkayaka kamodzi patsiku. Nthawi imeneyo ndi imene kunabwera Mayi Molly. Anali mayi wonenepa bwino, wa magalasi, woyenda ndi ambulera ndi kachikwama kakuda kam'manja. Akazi awo a Amosi ankawatcha achemwali. Anabweretsa shuga ndi sopo, ndipo ankapemphera asanamwe ngakhale madzi. Anati akufuna atsikana aulemu okagwira ntchito m'nyumba za mabwana kumtunda, ndipo masana azikaphunzira kusoka. Anamuyang'ana Pempho n'kunena kuti mwana wotere si woti azikalambira pa nyika.

Hilario anali atawaonapo kale mayiwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo mayiwa anatenga Triza, mwana wa mlongo wa Hilario uja wa ku Makhanga, ndipo kuchokera pamenepo Triza sanamvekenso. Ku Makhanga ananena kuti akupita naye ku Limbe. Banja lina la kwa Mbenje, limene linaperekanso mwana, linauzidwa kuti ku Lilongwe. Ndipo Hilario mwini, ali pamwamba pa minibasi kumanga mbuzi, anawamvapo akufunsa dalaivala za galimoto zopita ku Mwanza, kumalire. Anauza Flossy, Flossy anakauza a Amosi. A Amosi anati Triza ayenera kuti anakwatiwa kumeneko n'kuiwala kwawo, atsikana ambiri amatero, ndipo munthu wa bizinesi amayenda malo ambiri.

Tsiku la nkhani Hilario anabweretsa mipando monga mwa masiku onse, koma sanapite ku mtengo wa nimu. Anagwada pambali, n'kuwomba m'manja kupempha kulankhula. Anayamba kufotokoza za Triza. Asanafike patali, mayi wina anatsamwa ndi phwete poona nkhope ija, ndipo ena anatsatira.

"Alamu, mwatisangalatsa," anatero a Amosi akupukuta m'maso. "Tsopano tisiyeni tikambe za mbumba. Tikafuna womanga miyendo tikuitanani."

Hilario anabwera kwa ine madzulo ake. Ndinapita kwa a Amosi, ndipo anandilandira mwaulemu. Anamvetsera zonse, kenako anandifunsa ngati ndingamudyetse Pempho mpaka kukolola. Pakhomo panga panali kale adzukulu anga ofuna kudya. Koma a Amosi ananena chinthu chimodzi chimene ndinakamuuza Hilario: kuti iwo sangakweze mwana pa galimoto akulira. Ngati Pempho safuna, sapita. Pempho pa nthawiyo sankafuna. Ankaopa kusiya mayi ake, ankaopanso phiri lija la ku Thabwa, poti anali asanalikwerepo. Mayi Molly anati palibe changu, adzabweranso chaka chatsopano chikalowa, mwanayo aganize bwino.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunafika anthu a kanema kuchokera ku Blantyre. Bungwe lina linawatuma kujambula sewero lophunzitsa anthu kugona m'masikito. Wotsogolera anali mnyamata wotchedwa Macdonald, wovala chipewa chotembenuza, amene ankangokhalira kudandaula za kutentha. Sankalemba mawu a ochita sewero. Ankangofotokoza kuti apa mukangane, apa namwino akulangizeni, zotsalazo aliyense azionere. Ankafuna chitsiru choti chizigwiritsa ntchito masikito molakwika, kuphera nsomba, kutchingira mbewu, kuti anzeru azichikonza. Pa siteji aliyense analoza Hilario. Anamuveka jekete lopanda mkono umodzi, anamupatsa chigubu chopanda kanthu choti aziyenda nacho paliponse, ndipo dzina linachokera pamenepo.

Tsiku lomaliza kujambula, Macdonald anapeza kuti gawo lina lafupika. Anauza Hilario kuti achite chilichonse choseketsa, bola chitenge kanthawi. Hilario anapempha kuti amudikire. Anathamangira kunyumba, n'kubwera ndi yunifolomu yakale ya Pempho, ya buluu ija ya pasukulu pathu, ndi kambuzi kakakazi. Ananong'onezana ndi Priska, mtsikana wa m'gulu la zisudzo la patchalitchi, ndipo Priska anakabwereka ambulera, magalasi ndi kachikwama kakuda. Ine sindinalipo pojambulapo. Hilario anangondiuza pambuyo pake kuti wapeza njira.

"Aphunzitsi, ine pamudzi ndilibe pakamwa," anatero. "Koma chimene chanenedwa pa kanema alamu amachikhulupirira. Nkhani za mitengo ya thonje amakhulupirira, za mpira amakhulupirira. Akandiona m'menemo amva."

Sewerolo linaonetsedwa mu Januwale, Lamlungu masana. Pamsika panali nyumba ya vidiyo ya Elvis, ya jenereta ndi mlongoti wa nsungwi, ndipo tsikulo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. A Amosi anapatsidwa benchi la kutsogolo. Flossy ndi Pempho anakhala kumbali ya amayi. Za masikito zinadutsa, anthu akuseka ndi kuloza nyumba ndi mitengo imene ankaidziwa. Kenako panaoneka Chigubu akukoka mbuzi yovala yunifolomu, kolala itakhala bwino pakhosi. Wapolisi wa m'sewero anamuimitsa n'kufunsa chiphaso.

"Si mbuzi iyi, bwana," anatero Chigubu. "Ndi mwana wamkazi."

Wapolisiyo anasuzumira mbuziyo kumaso, n'kupepesa, n'kuwauza kuti adutse. Pamenepo anatulukira Priska ndi ambulera yake, akuyenda monyang'wa, n'kugwira chingwe cha mbuzi. Chigubu sanachisiye.

"Mayi, mukupita naye kuti?"

"Kumtunda."

"Kumeneko kuli ndi dzina?"

"Ku Limbe."

Mbuzi inalira. Chigubu anawerama n'kuika khutu pakamwa pake. "Akuti dzulo munati ku Lilongwe."

"N'kufupi konseko."

"Nanga dalaivala mwamufunsa za ku Mwanza bwanji? Kumeneko kuli ndi dzina, mayi?"

"Akadziwa akakafika," anatero Priska, n'kukoka chingwe.

Chigubu anatsala yekha ndi chigubu chake. Anayang'ana kamera, nkhope ija ili chomwecho, n'kunena kuti mbuzi yopita kukaphedwa boma limadziwa kumene ikafere. Akanakhala mbuzi akanamudulira chiphaso, koma poti ndi mwana, ndipo atsibweni ake avomera kale, apite. Anaimabe pamenepo, ndipo Macdonald sanadulepo.

M'nyumba ya vidiyo simunkamvekanso jenereta chifukwa cha phwete. Anthu ankamenya mabenchi, ena anagwera anzawo. A Amosi anaseka mpaka kutsokomola. Potuluka anamugwira Hilario paphewa n'kumugulira chakumwa chozizira, chinthu chimene anali asanachitepo. Anati Priska wamutengera Molly ndendende, mayendedwe ndi magalasi omwe, ndipo Molly akadzamva adzaseka n'kugwa. Hilario anawafunsa ngati amva zimene Chigubu wanena. Anati amva zonse, makamaka zija za atsibweni, ndipo mlamu wopanda mwano si mlamu.

Pofika Lolemba funso lija linali paliponse. Munthu akanyamuka kupita kuseri, anzake ankamufunsa ngati kumeneko kuli ndi dzina. Oitanira minibasi ankalikuwa m'malo motchula Nchalo kapena Bangula. Amayi ankafunsana pa mjigo. Mphunzitsi mnzanga anafunsa ana ochedwa, kalasi yonse n'kuseka. Sindinamvepo munthu akulinena n'kutchula Triza.

Koma panali china chimene Hilario sanachiganizire. Yunifolomu ija inali ndi chigamba chofiira pathumba, chimene Flossy anasoka, ndipo ana onse a m'mudzimo ankachidziwa. Pempho akamapita ku mjigo anyamata ankalira ngati mbuzi kumbuyo kwake. Atsikana anzake ankamufunsa ngati wadula chiphaso. Wina anamumangirira chingwe ku ndowa. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, msinkhu umene mtsikana amafuna kuti anthu amuone bwino kapena asamuone n'komwe. Anasiya kupititsa phala ku siteji. Anasiya kulankhula ndi bambo ake, ndipo akalowa m'nyumba iye ankatuluka. Flossy anandiuza pambuyo pake kuti Hilario anayesa kumufotokozera, atakhala pakhomo mwanayo ali m'kati, koma Pempho anangoyankha kuti dziko lonse laona. Mayi Molly atabwera kumayambiriro kwa Febuluwale, a Amosi anamuitana mwanayo n'kumufunsa pamaso pa onse monga analonjezera. Pempho sanalire. Anati akufuna kupita kumene anthu sanaione mbuzi ija.

Ananyamuka m'mawa wa tsiku la msika. Ndinalipo pa siteji, ndinkapita ku Nchalo. Pempho anavala diresi ya mayi ake yochepetsedwa, katundu wake ali m'jumbo. Panali atsikana ena awiri amene sindinkawadziwa. Hilario anabwera atavala malaya oyera a ku tchalitchi, atapisira, atameta. Ndinaona kuti wachita dala kuti asafanane ndi Chigubu. Anaima pakhomo pa minibasi, Mayi Molly ali kale pampando wa kutsogolo, n'kuvula chipewa.

"Mayi, ine ndine bambo ake a mwanayu. Ndikupempha mundiuze dzina la malo, ndi dzina la bwana amene akakhale naye."

Kondakitala ndi amene anayamba. Anakuwa kuti Chigubu wafika, kumeneko kuli ndi dzina? Siteji yonse inalandira. Ogulitsa mandasi, a njinga za kabaza, okwera amene anali m'kati, onse. Mayi Molly anaseka mpaka kuvula magalasi. Anatulutsa mutu pawindo n'kuyankha ndi mawu a Priska aja, kuti akadziwa akakafika, ndipo anthu anawaombera m'manja. Hilario anabwerezanso pempho lake mokweza, ndipo Chisena chinamutuluka chokha, zimene zinangowonjezera phwete. Anazungulira kupita pawindo pamene panali Pempho.

"Ababa, chonde," anatero mwanayo, osamuyang'ana. "Mwandichititsa kale manyazi. Pitani."

Hilario anabwerera m'mbuyo. Minibasi inanyamuka. Pamwamba pake panali mbuzi zimene iye mwini anazimanga m'mawa womwewo, ndipo dalaivala anali ndi ziphaso zake m'thumba.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa bwino, anthu anakolola. Uthenga wa Pempho sunabwere. Mayi Molly sanaonekenso, ndipo nambala ya foni imene anasiya inangokhala yosapezeka. Atafunsidwa bwinobwino, akazi awo a Amosi anavomera kuti uchemwali wawo unayambira pa msonkhano wa amayi ku Blantyre, kumene anagona pa mphasa imodzi. Kwawo kwa mayiwo sankakudziwa.

Chakumapeto kwa chakacho kunabwera foni kwa Elvis, amene ankaimbitsanso lamya pakhonde la nyumba yake ya vidiyo. Mtsikana anapempha kuti amuitanire Hilario wa mbuzi. Elvis anathamanga yekha ku siteji, koma pobwera naye foni inali itaduka, ndipo nambala sinaoneke. Elvis wakhala akuifotokoza nkhaniyi mosiyanasiyana, choncho sindikuika mtima pa zonse. Chimene sanasinthepo n'chakuti anamufunsa mtsikanayo kumene ali, ndipo anayankha kuti sakudziwa, samutulutsa panja, ndipo anthu a kumeneko amalankhula chinenero chimene iye sakumva. Hilario anakhala pakhondepo mpaka Elvis anatseka. Anabweranso m'mawa mwake, ndi masiku ambiri otsatira.

Kenako anayamba kuyenda. Anali ndi chithunzi chimodzi cha Pempho, chojambulidwa tsiku la ukaristia woyamba, ali wamng'ono kuposa mmene anachokera. Ankakwera malole a mbuzi mpaka ku Limbe, n'kumayenda m'misika ndi m'madepoti. Anafika ku Mwanza, anafika ku Lilongwe kamodzi. Sewero lija linkabwerezedwa kawirikawiri pa kanema, choncho kulikonse ankamuzindikira. Anandiuza kuti mu ofesi ina kumene anakadandaula, mlembi anaitana anzake a m'zipinda zina kuti adzaone Chigubu, ndipo sanamulole kuyamba nkhani yake asananene kaye funso lija. Ankalinena. Anati akalinena anthu amasonkhana, ndipo akasonkhana amatulutsa chithunzi. Koma ankayang'ana iyeyo, kudikira kuti chithunzicho chikhale chiyambi cha nthabwala ina. Ena ankamupatsa ya basi. Dandaulo linalembedwa m'malo awiri kapena atatu, ndipo anauzidwa kuti adikire kunyumba.

Macdonald anabweranso patapita zaka ziwiri, ndi sewero lina la za zimbudzi. Anati anthu m'dziko lonse akufunsa za Chigubu. Hilario anavomera kuvalanso jekete lija pokhapokha amulole kuonetsa chithunzi cha Pempho pa kamera ndi kutchula dzina lake. Macdonald anamva nkhani yonse, ndipo ndikukhulupirira kuti inamukhudza. Anajambula. Koma sewerolo litatuluka, gawolo munalibe. Anatumiza mawu kuti a bungwe analichotsa chifukwa silinkagwirizana ndi uthenga wa zimbudzi, komanso silinkaseketsa. Zaka za mowa zimene ndatchula zija zinayamba pamenepo.

Flossy sanamudzudzule mwamuna wake pagulu, ndipo sanadzudzule mchimwene wake. Anangochepa thupi chaka ndi chaka. Yunifolomu ija anaichapa n'kuisunga pansi pa sutikesi. Anamwalira mu 2013, atadwala chifuwa nthawi yaitali. Mwa mwambo, mkazi akamwalira mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Tsiku losudzula, a Amosi, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, ananena mawu onse oyenera. Hilario anagwada monga anagwadira tsiku lija. Ulendo uno palibe anaseka.

"Alamu, mwana akabwera adzafikira pano. Ku Makhanga sakudziwako. Ndisiyeni ndikhale pafupi."

A Amosi anakanda pansi ndi ndodo. Kenako anati nyumba ndi ya mbumba, pali mdzukulu amene akukwatiwa ndipo akuifuna, koma palibe amene angamuletse kukhala ku msika. Sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Chimene ndinaona n'chakuti kuchokera pamene foni ija inabwera anasiya kumunyogodola mlamu wawo, ndipo ku nyumba ya vidiyo sanapondekonso. Akakumana panjira ankapatsana moni ngati anthu a mipingo yosiyana.

Hilario anasamukira m'kachipinda kuseri kwa khola la pamsika. Madzi osefukira a mu 2015 anakokolola mudzi wa mlongo wake ku Makhanga, choncho ngakhale akanafuna kubwerera kunalibenso kopita. Mowa anausiya yekha, popanda womulalikira, chifukwa tsiku lina anagona masana minibasi zingapo n'kudutsa osaziona. Kuyambira pamenepo minibasi iliyonse yotsika kuchokera ku Blantyre inkamupeza ataima pakhomo, akuyang'ana otsika mmodzimmodzi. Okwera ankayesa kuti akufuna katundu woti anyamule. Mphamvu zokweza mbuzi zitatha, ogula ankamutumabe kukatenga ziphaso. Anyamata anali atayamba kusunga gawo lija m'mafoni awo, ndipo ankabwera kudzajambulitsa naye. Ankaima nawo. Ambiri a iwo anabadwa Pempho atapita kale, ndipo ankadziwa mawu onse a Chigubu pamtima.

Ndinkakhala naye nthawi zina pa benchi la wosoka nsapato. Sitinkakamba zambiri. Tsiku lina, popanda chimene chinayambitsa, anandifunsa ngati ndikuganiza kuti mwanayo akanapita pakanapanda mbuzi ija. Ndinamuuza kuti njala inalipo, a Amosi analipo, Mayi Molly analipo, ndipo mwina akanapitabe. Anandiyang'ana n'kunena kuti aphunzitsi, inu simunama, ndiye mwati mwina. Sanafunsenso.

Anamwalira chaka chathachi m'nyengo yozizira, atadwala masiku ochepa. A Amosi anali atatsogola kale. Adzukulu awo analola kuti aikidwe pafupi ndi Flossy, ndipo pa chimenecho ndikuwathokoza. Anthu anabwera ambiri, kuposa amene amabwera pa maliro a womanga mbuzi. Katekisiti anati Mulungu amalankhula kudzera mwa onyozeka, anati Chigubu anaona za kuzembetsa ana mabungwe asanayambe kuzikamba. Mwina ndi zoona. Ine ndimangodziwa kuti Hilario sankanena za dziko. Ankanena za mwana mmodzi, kwa munthu mmodzi wokhala pa benchi la kutsogolo. Pempho sanatchulidwe mu ulalikiwo. Ponyamula bokosi, mmodzi wa adzukulu okumba manda, monga amachitira pofuna kupeputsa mitima, anagogoda pa chivundikiro n'kufunsa ngati kumeneko kuli ndi dzina. Anthu anaseka, ena akulira.

Chithunzi chija anachipeza m'thumba la malaya ake ndipo anandipatsa ine, poti panalibe wina wochifuna. Chinayenda kwambiri padzuwa ndi m'thukuta. Diresi yoyera ikuoneka, kandulo ikuoneka, koma nkhope inafufutika. Ngati Pempho ali moyo, ndi mayi wa zaka zopitirira makumi atatu. Elvis anasamukira ku Nchalo, Priska anakwatiwa ku Mulanje, oitanira minibasi a masiku ano ndi ana. Ine maso anga sakuonanso patali, ndipo ku siteji ndimafikako mwa apo ndi apo. Pempho akadzatsika pamenepo ndi katundu wake, a kabaza adzamufunsa ngati akufuna njinga.